Theka la Chiuno cha Amayi

4 Malichi

Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi tizilombo tanu ta ku yunivesiteko. Ife kuno tilipo, shopu ikuyenda. Mayunifolomu a sukulu tamaliza onse. Amayi ndi mlamu wanu, mkazi wangayu, anapalasa makina mpaka miyendo kuchita dzanzi, ine ndi simbi yanga ndasita makolala mpaka ndikumalota makolala. Mlamu wanu mimba yayamba kuoneka tsopano, akudya bwino, ndipo mwanayo akuponya mateche ngati nayenso akufuna makina ake.

Koma pali kankhani. Mukudziwa kuti chibwerere m'banja muno, mlamu wanu Amayi amangomupatsa zopinda ndi zoika mabatani, ati sizasi yodulira nsalu si ya aliyense. Ndiye iye anagula nsalu yobiriwira mwakachetechete, n'kuwasokera Amayi diresi la mphatso, lokhala ndi lamba wosokerera m'chiuno. Sanawayeze n'komwe, anangowayang'ana ndi maso. Linawakwana ngati anabadwa nalo. Amayi anati, "Si loipa," ndipo inu mukudziwa kuti m'kamwa mwa Amayi mawu amenewo ndi mendulo. Analivala Lamlungu, analivalanso Lolemba popanda kopita.

Pakati pa sabata anayamba kudandaula kuti m'chiuno, cha kumanzere, mukuotcha ngati wina waiwalapo simbi. Tinayang'ana, panalibe kanthu. Kenako patuluka matuza ang'onoang'ono amadzimadzi, ondondozana pamene pankadutsa lamba paja.

Amayi akuti ndi diresi. Sananene kuti mlamu wanu anachita dala, koma sananenenso kuti sanachite dala. Amangofunsa khoma kuti kodi munthu wosoka osayeza amakhala akubisa chiyani. Amwa makapisozi a m'golosale, palibe kusintha. Kuchipatala akukana, ati iwo ntchito yawo ndi kuveka anthu, osati kukavula pamaso pa ana. Mlamu wanu ndi amene akuwatsuka matuzawo ndi kuwachapira zovala, kwinaku akumva zonsezi.

Tiuzeni chochita. Kalatayi ndapatsira Adalaivala amene amatibweretsera nsalu. Muwapatse yankho, komanso paketi ya masingano a makina ngati mungapeze. Siketi yanu ija sitinaiiwale.

Mlongo wanu,
Mzime

6 Malichi

Mzime,

Adalaivala akuliza hutala panja, ndiye imva izi. Mlamu asawakhudzenso Amayi, asakhudze zovala zawo, asakhudze zofunda zawo. Achoke m'nyumbamo lero lomwe, apite kwawo. Amayi upite nawo kuchipatala ngakhale akutukwane njira yonse. Zina zonse zibwera pa positi. Masingano ndi awo.

Mchemwali wako

6 Malichi, nditaweruka

Amayi, ndi iwe Mzime amene uwerenge mokweza osadumpha mizere,

Moni nonse. Ine ndili bwino, kungoti ndakwiya. Munandisokera mayunifolomu kuyambira kalasi yoyamba mpaka gauni la digiri, lero ndimaphunzitsa ana a eni ake za tizilombo toyambitsa matenda, koma m'nyumba mwathu munthu akadwala amafunsa khoma. Diresi lazengedwa mlandu, lapezeka lolakwa, ine ndikumva pomalizira ngati mlendo wodutsa.

Malinga ndi mmene Mzime wafotokozera, matenda anuwo ndi mashingozi. Adokotala akatsimikiza akakuonani, koma ndingadabwe atanena zina. Amayamba ndi vayirasi, ndipo popeza liwu limenelo mumalimva ngati dzina la mpongozi winanso, ndifotokoza m'chinenero cha m'shopu.

Thupi lanu, Amayi, ndi timashopu ting'onoting'ono tosawerengeka, ife timati maselo. Kalikonse kali ndi makina ake, ulusi wake ndi mapatani ake, ndipo kamasoka zimene thupi likufuna. Bakiteriya ndi telala wina wobwera ndi makina akeake n'kudzakhala pakhonde panu. Makapisozi mwamwawo ntchito yake ndi kuthyola makina a telala ameneyo. Koma vayirasi alibe makina. Sadya, sapuma, sakula. Ndi patani chabe, yopindidwa mu envulopu. Payekha sangachite kanthu, ali ngati kapepala kogwera pansi pa tebulo. Kungoti kunja kwa envulopuyo kuli timano tokwana pa loko wa timashopu tina. Akalowa, amayala patani yake pa tebulo, makina anu osadziwa kanthu n'kuyamba kusoka iyeyo: maenvulopu ena, mapatani ena, ndi ulusi wanu, ndi nsalu yanu. Kashopuko kamaonongeka, ana ake n'kutuluka kukagogoda kwa aneba. Matuza mukuwaonawo ndi timashopu tophwasuka, pamodzi ndi chipwirikiti cha asilikali a thupi amene abwera kudzamenya nkhondo. Ndiye makapisozi anu akufunafuna makina oti athyole, sakuwapeza, angotsala pang'ono kukutsegulani m'mimba chifukwa chosowa ntchito. Kuchipatala kuli mankhwala ena otsekereza kusokako, koma amathandiza kwambiri munthu akafika msanga. N'chifukwa chake ndinati Mzime akunyamuleni.

Tsopano mukufunsa kuti wabweretsa ndani. Palibe, Amayi. Mwabwera naye nokha. Ndi kachilombo komwe kaja ka katsabola. Munadwala muli mwana, munachira, koma iko sikanachoke. Kanakabisala pa muzu wa mtsempha womvera ululu, osati wa magazi, pafupi ndi msana, n'kugona pamenepo zaka zonsezi ngati mlendi, munthu wokhala pa lendi, amene mwini nyumba anamuiwala. Chitetezo cha thupi chikatsika, ndi ukalamba (pepani, koma ndanena) kapena ndi kutopa ngati kwa mayunifolomu kuja, kamadzuka n'kutsata mtsempha umodziwo mpaka pakhungu. Pamene mlendi ameneyu ankalowa mwa inu, mlamu wanga anali asanabadwe, mwinanso makolo ake anali asanadziwane.

Nazi za mlamu. Madzi a m'matuzawo ali ndi kachilomboko. Munthu amene sanadwalepo katsabola akawakhudza atha kudwala katsabola, ndipo kwa mayi woyembekezera katsabola si masewera, kwa iye ngakhalenso kwa mwana. Ulendo watha ndili kumeneko mlamu ananena yekha kuti sanadwalepo. N'chifukwa chake ndinati achoke. Ndikumuteteza iye kwa inu, osati inu kwa iye. Apite kusikelo mawa lomwe akanene kuti wakhala akutsuka mashingozi. Matuza onse akauma n'kuchita nkhanambo, abwerere ndi ulemu wonse, mumupatse mpando wabwino.

Mzime akuti siketi yanga simunaiiwale. Ndikukhulupirira. Chinthu chimene wakhala nacho chaka chonse sungachiiwale.

Mwana wanu wamkulu

9 Malichi

Mwana wanga,

Ndakupatsa moni. Ine ndadzuka, ngakhale chiunochi chikukhala ngati ndabwereka kwa munthu wina. Masingano afika, koma ndi aakulu, oyenera matenti. Unakulira m'shopu yomweyi iwe.

Ndalemba kuti ndikuthokoze. Mlongo wako anabisa kakalata kako m'thumba la malaya, kuiwala kuti malayawo ndinasoka ndine ndipo matumba ake onse ndimawadziwa. Ndinakawerenga mokweza pa tebulo lodulira nsalu, mpongozi ali pomwepo. Ine sindinanene za munthu, ndinangowerenga zimene unalemba, kuti asakhudze zovala zanga, achoke lero lomwe. Ndinati taonani, ngakhale wa ku yunivesite, amene amaona zosaoneka ndi maso, waona. Sukulu sinapite pachabe.

Mpongoziyo anamaliza kupinda siketi ya kasitomala imene inali pa makina, anadula ulusi, anasesa pamalo pake, kenako anamasula makina ake n'kupita kwa makolo ake. Mlongo wako anamunyamulira makinawo mpaka pa basi. Wabwerako nkhope ili ngati nsalu yosasita, ndipo sakundilankhula kupatula pondikumbutsa mankhwala.

Kuchipatala ndinapita, popeza unalamula. Kadokotala kake kang'onong'ono, kolala ya malaya yokhota, kanayang'ana kamodzi n'kuti mashingozi. Kanandipatsa mapiritsi n'kunena kuti ndiziphimba matuzawo ndi nsalu yoyera. Ndinakauza za diresi, kanaseka. Munthu wolephera kuona kuti kolala yake yakhota angadziwe chiyani za diresi?

Diresilo ndalipachika kuseri kwa chitseko. Ndi lokongola, ndisaname, ndipo n'zimene zikundiwawa.

M'shopu mwangoti zii. Makina amodzi salira bwino okha, ndangozindikira. Zina zimene unati zibwera pa positi sizinafike, koma usavutike, zofunika tinamva.

Mayi ako

11 Malichi

Alamu,

Moni. Ine ndi mwanayu tili bwino kuno kwa makolo anga. Ndikhulupirira ntchito ikuyenda.

Ndachita zimene munalamula. Sindikudandaula, nyumba ndi yanu ndipo amayi ndi anu. Koma pali zimene ndikufuna mudziwe, popeza inu ndinu ophunzira ndipo mumakonda umboni. Nsalu ndinagula kwa Adalaivala omwe aja, pa mpukutu umene Amayi eni ake anauyamikira. Ndinaichapa ndisanadule. M'kati mwa lamba muli kansalu kolimbitsa, basi. Sindinawayeze chifukwa akanakana, komanso chaka chathunthu ndakhala kumbuyo kwawo ndikupinda masiketi. Chiuno chawo ndikuchidziwa kuposa changa, chimene chikusintha sabata iliyonse.

Amuna anga anabwera dzulo, ati mwina munali ndi chifukwa. Nditawafunsa chifukwa chakecho, anayang'ana nsapato zawo.

Kuno makasitomala ayamba kale kubwera pakhonde. Bambo anga akuti ndikhale, andimangire kashedi kosokeramo. Sindinawayankhe. Ndikanakonda mwanayu adzabadwire kumene kuli bambo ake, koma sindingabwerere m'nyumba imene ndikapereka madzi akumwa anthu aziyamba asuzumira m'kapu.

Siketi yanu ndinaidula kale mobisa, ili m'kabati ya m'munsi. Wina aimalize.

Mlamu wanu

13 Malichi

Alamu anga,

Moni kwa inu, kwa makolo anu, ndi kwa woponya mateche uja. Kalata yanu ndi ya Amayi zafika pamodzi. Ndinaziwerenga ndili chiimire m'labu, ophunzira anga n'kumaganiza kuti ndapeza mliri watsopano. Ndaupezadi. Mliri wake ndi banja lathu.

Taonani mmene zayendera. Ndinalemba kalata yaitali, yomveka bwino, yoti ngakhale Mzime amve. Imeneyo positi yaisunga, kaya ikuiwerenga payokha kuti nayonso ilembe mayeso. Ndinalembanso kakalata kena galimoto ikulira, kopanda moni, kopanda chifukwa. Kameneko ndiye kanafika tsiku lomwelo, kanalowa m'nyumba, Amayi n'kukachulukitsa ndi pakamwa pawo. Chaka ndi chaka ndimaphunzitsa kuti kachidutswa ka uthenga kopanda manja ndi miyendo kakalowa pamalo oyenera kamagwetsa munthu wamkulu, ndiye ine mwini ndatenga kotero n'kukakweza galimoto. Pepani, alamu. Ndipepesa kamodzi kokha chifukwa sindinazolowere, koma ndi kochokera pansi pa mtima.

Diresi lanu lilibe mlandu. Amayi ali ndi mashingozi, kachilombo ka katsabola kamene kanagona mwa iwo kuyambira ali mwana. Madzi a m'matuza amene munkatsuka aja atha kukupatsani katsabola ngati simunadwalepo, ndipo inu muli awiri. Ndinakuthamangitsani chifukwa cha zimenezo basi. Ndikanakhala ndi nzeru zofanana ndi mapepala anga, ndikanaonjezera mzere umodzi.

Chonde pitani kusikelo lero lomwe. Mukanene kuti ndinu oyembekezera, mwakhala mukutsuka mashingozi, ndipo simukumbukira kudwala katsabola. Mupemphe akuyezeni magazi ngati angathe. Thupi limene linakumanapo ndi kachilomboka limasunga miyezo yake, ngati mmene telala amakumbukirira kasitomala wovuta, ndipo akabweranso limamutsekera chitseko asanakhale pansi. Magazi amaonetsa ngati miyezoyo ilipo. Mukamva thupi kutentha kapena mukaona totuluka pakhungu, musadikire Adalaivala, musadikire ine.

Za kashedi ka bambo anu sindikuuzani chochita, ndalamula kokwanira mwezi uno. Ndingopempha kuti malata asagule sabata ino.

Mlamu wanu wa pakamwa

13 Malichi

Amayi,

Moni. Ndakondwa kuti munapita kuchipatala, ndipo mapiritsiwo mumalize onse, osasungako ena m'chitini cha mabatani.

Mwandithokoza pa zimene sindinanene, ndiye zikomo wanuyo ndikukubwezerani asanagwiritsidwe ntchito. Ndinachotsa mlamu chifukwa matuza anu ndi oopsa kwa iye ndi kwa mdzukulu wanu. Woopsa m'nyumbamo munali inu, Amayi. Kalata yaitali ikafika mumva zonse, kuphatikizapo mawu ena amene simuwakonda.

Ine simundikhulupirira, kadokotala ka kolala yokhota simukakhulupirira. Chabwino. Khulupirirani tepi yanu. Lamba wa diresi amazungulira chiuno chonse. Ngati wolakwa ndi lamba, matuza akhale mbali zonse ziwiri, ndipo ayende molunjika ngati lambayo. Mtsempha umene ine ndikunena umachoka pa msana n'kukathera pa mzere wa mchombo, mbali imodzi yokha, ndipo kachilomboko sikadziwa njira ina. Imani pa galasi la makasitomala, Mzime akugwirireni tepi kumbuyo, muyeze. Kenako mundiuze amene wanama pakati pa ine ndi khoma lija.

Mwana wanu, amene sukulu yake sinapitedi pachabe

17 Malichi

Achemwali,

Moni. Makalata anu onse afika, yaitali ija pomalizira. Inakagona kwa aneba ogulitsa misomali, amene anaitsamiritsa sikelo yawo mpaka ataona dzina la shopu yathu.

Ndinawerenga mokweza osadumpha mizere, kupatula mawu oti ukalamba, amene ndinawatsokomola. Za patani ya mu envulopu Amayi zinawasangalatsa. Anati anthu otero amawadziwa, obwera ndi sitayilo yawo koma alibe nsalu, alibe ulusi. Koma nditafika pa katsabola anaimika dzanja. Ati iwo sanadwalepo katsabola chibadwire, khungu lawo anthu ankabwera kudzaliona, ndiye kachilombo kanuko kagone mwa ena.

Mwatsoka lawo, tsiku lomwelo Amayi aakulu anabwera kudzazonda matenda. Atamva nkhaniyi anaseka mpaka kukhala pa mpukutu wa nsalu ya kasitomala. Akuti anadwala onse awiri pa mphasa imodzi, ndipo amene ankalira kwambiri ndi kukanda ndi Amayi athuwa. Achemwali, kachipsera kaja ka pamwamba pa nsidze, kamene tinakula tikuuzidwa kuti singano inathyoka pa makina awo oyamba n'kuwalasa, iwo osasiya kusoka? Katsabola. Amayi anangoti akulu awo akalamba, mutu wayamba kusakaniza anthu.

Alendo atapita, anandiuza nditseke chitseko cha shopu masana dzuwa likuswa mtengo, nditembenuze kachikwangwani. Anaima pa galasi, ine tepi kumbuyo, maso kumbali monga mwana woleredwa bwino. Matuza ayambira pa msana penipeni, adutsa kumanzere, aima pa mzere wa mchombo ngati wina anajambula ndi choko. Kumanja kuli see. Anayeza kawiri. Kenako anaona chinthu china, chimene inu munangochikhudza pang'ono. Mzerewo sukuyenda molunjika. Kumbuyo uli pamene pankakhala lamba, koma kutsogolo watsetsereka, wathera m'munsi mwake. Ine, pofuna kuwathandiza, ndinati mwina lambayo anasokedwa mokhota.

Anatembenuka ngati ndawaponda chala. "Mokhota? Iwe wosita makolala, ukudziwa chiyani? Mpongozi wanga sasoka lamba wokhota."

Anangomaliza kunena, anandilanda tepi n'kuipachika m'khosi.

Pamenepo ndi pamene ndinadziwa zina. Anatsitsa diresi kuseri kwa chitseko, ndipo lamba anali atapasulidwa kale. Anamupasula okha ndi lezala tsiku limene mlamu wanu anachoka, kufunafuna chobisika. Anapeza kansalu kolimbitsa, ndi msoko wam'kati wosalala ngati wakunja, pamalo poti palibe akanadzaona. Akuti msoko wotero iwo anasiya kuusoka ine ndisanabadwe, chifukwa makasitomala sayamika.

Ayesa kumubwezeretsa lambayo. Asoka, apasula, asokanso, apasulanso. Akuti m'shopu muno kuwala kwachepa masiku ano.

Matuza ayamba kuuma. Ine ndikufuna mkazi wanga, Achemwali, koma ndikatchula nkhani yopepesa Amayi amayamba kufunafuna choko chimene chili m'manja mwawo.

Mzime

22 Malichi

Alamu,

Moni. Kupepesa kwanu ndalandira, ndipo popeza mwati ndi kamodzi kokha, ndakusunga pabwino.

Kusikelo ndinapita tsiku lomwe kalata yanu inafika. Anamwino anandikalipira pang'ono chifukwa chochedwa, ine ndinati mukalipire positi. Ananditumiza kokayeza magazi, ndipo zotsatira zabwera. Akuti miyezo ija thupi langa lili nayo, katsabola ndinadwalapo. Nditafunsa mayi anga, anati inde, ndili wakhanda wa kumsana, kungoti sanaone chifukwa chondiuzira. Mwana ali bwino, mtima wake ndinaumva ndekha, ukugunda ngati makina atsopano.

Dzulo Adalaivala anandipatsa phukusi. M'kati munali diresi lobiriwira lija, lamba ali padera, ndi kapepala kobayidwa ndi pini, kolemba Amayi eni ake: "Ndalephera. Telala wake akonze."

Ndinakhala nako kapepalako nthawi yaitali. Chibwerere m'banja mwanu ndakhala mpongozi, ndakhala uyu, ndakhala mkazi wa Mzime. Telala ndinali ndisanakhalepo. Bambo anga anati palibe mawu oti pepani pamenepo. Ndinawauza kuti iwo sanakhalepo m'shopu ija, sangawaone.

Ndayankha kuti diresi ndikonza, koma masiku ano sindisokanso osayeza, kuti pasakhale chobisika. Mwini wake aime pa galasi, akweze manja, ndimuyeze ngati kasitomala wina aliyense. Ndipo popeza msokowo ndi wa makina anga, makinawo ayenera kupita kumene kuli chiunocho. Amuna anga akubwera Loweruka kudzanyamula. Bambo anga malata anagula kale, sanakumvereni, koma akuti nkhuku zawo zinkafunanso denga.

Mlamu wanu

24 Malichi

Mzime,

Moni, ndipo usitiretu malaya abwino a Loweruka.

Ndikufuna ulembe izi penapake. M'nyumba imeneyo muli akazi awiri amene sanadwalepo katsabola chibadwire, ndipo onse awiri anadwala. Ine ndinasokoneza banja lonse, ndinayendetsa makina osokera pa basi ulendo wopita ndi wobwerera, ndinamangitsa khola la nkhuku, kuteteza munthu amene thupi lake linali litadziteteza kale asanayambe kuyenda. Ndipo ndikanachitanso, chifukwa pa nthawiyo palibe ankadziwa, ndipo ndi mimba sitiyesera mwayi. Kungoti ulendo uno ndikanawauza Adalaivala azimitse injini.

Uonetsetse kuti matuza onse auma asanafike, ngakhale magazi anena zabwino. Ukawauzenso Amayi kuti ululu utha kutsalira pang'ono khungu litapola, popeza mtsemphawo unavulala. Ukapitirira abwerere kwa kadokotala kaja, ndipo akapite ndi singano akakonze kolala, onse awiri apindule.

Za kachipsera ka pa nsidze usazitchulenso. Ine ndasankha kukhulupirira za singano yothyoka. Sayansi ili ndi malire ake.

Mchemwali wako

29 Malichi

Mwana wanga,

Ndakupatsa moni. Ine ndili bwino, nkhanambo zagwa, patsala mabala ofiirira amene palibe adzawaone.

Mpongozi anafika Loweruka. Sanakhale n'komwe pansi. Anamanga makina ake pamalo pake, anatenga tepi yanga m'khosi mwanga, n'kundiuza kuti ndiime pa galasi. Munali makasitomala awiri m'shopu, sanawatulutse. Ndinakweza manja. Kuyambira pamene ndinagula makina anga oyamba palibe munthu anandiyezapo, ndimadziyeza ndekha ndipo nambala yake ndimaidziwa ndekha. Iye anaitchula mokweza. Si imene ndimanena ine. Mlongo wako anatsokomola kuseri kwa simbi, ine ndinati tepiyo yatamuka ndi ukalamba, ndipo mpongozi anati, "Inde Amayi, matepi amatero."

Lamba anamubwezeretsa ndikuona. Ndinaima kumbuyo kwake kuti ndione mmene amapindira msoko wam'kati uja, kuti ndimuuze pamene akulakwitsa. Sindinapapeze. Lolemba kunabwera nsalu ya suti ya mphunzitsi wamkulu, ndipo popeza dzanja langali likadali lolemera, ndinamupatsa sizasi kuti adule. Sanandibwezere mpaka lero, ndipo sindinaiitanitse.

Ndifunseko chinthu chimodzi, popeza ndiwe wophunzira. Mlendi uja wachoka, kapena wangobwerera kukagona? Kadokotala kaja kakuti wagona, ndipo kawirikawiri sadzukanso ngati ndikudya bwino ndi kupuma. Ndiye kuti iwenso uli naye, mlongo wako ali naye, pakuti nonse ndinakusambitsani muli matuza okhaokha, ndipo mpongozi naye ali naye. Ndinamuuza kuti ngati ndi choncho ndiye kuti ndi wa m'banja muno kuyambira kale, tinangochedwa kudziwa. Anaseka mpaka mwana anaponya theche.

Siketi yako yatuluka m'kabati. Telala wake akuti ubwere udzayezedwe, sasokanso ndi maso, ndipo nambala amatchula mokweza. Ubwere ndi masingano oyenera.

Ndalemba kalatayi nditavala diresi lija. Si loipa.

Mayi ako